Mitengo ya Mkamwini

Bambo anga adagwira ntchito zaka 26 m'paki yaikulu ya mumzinda wa Blantyre. Ankatchetcha kapinga, kudulira mitengo, kuthirira maluwa ndi kusesa tinjira timene anthu a m'tauni amayendamo Loweruka masana, opanda kumene akupita. Ndili mwana ndinkawaperekera chakudya kumeneko. Ankadyera kuseri kwa shedi ya zipangizo, atakhala pa wilibala yotembenuza, chifukwa wantchito wovala ovololo sankaloledwa kukhala pabenchi. Mabenchi adali a alendo. Bambo ankawapaka penti chaka ndi chaka, koma sindidawaonepo atakhalapo.

Matipate atangoyamba kumene adawapumitsa ntchito, ndipo adabwera ku Champiti ndi katundu wosadzaza n'komwe lole: bedi, mipando inayi, wilibala yawoyawo, makheni awiri othiririra, chikwakwa, ndi chitini cha mkaka chodzaza njere za mitengo.

Ku Champiti ndi kwawo kwa amayi. Bambo kwawo kudali ku Mlangeni, choncho ku Champiti adali mkamwini. Nyumba adamanga ndi iwo, koma dothi limene idakhalapo lidali la akazi awo ndi abale a akazi awo. M'tauni zimenezi zidalibe ntchito, poti kumeneko aliyense ndi wobwera. Kumudzi zidali ndi ntchito. Ana tidabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga, ndipo mlongo wangayo adamwalira ali ndi zaka 24, asanabereke. Kwathu malo amatsata ana aakazi. Mwana wamwamuna ngati ine amadya za pamalopo, koma sangawasungire bambo ake malo.

Kuseri kwa nyumba kudali malo otsetsereka, amiyala, opitirira pang'ono ekala imodzi, otsikira kukhwawa. Chimanga chinkakana pamenepo. Mtengo udalipo umodzi wokha, mkuyu wa kumunsi, umene ngakhale amayi adaupeza uli waukulu kale. Mwini mbumba adali amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, munthu wanthabwala amene adagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni ali mnyamata. Bambo adapita kukawapempha malowo.

"Alamu, pamiyala paja ndingakandepo?"

"Kandanipo, alamu," adatero amalume. "Mukakolola miyalayo mutigawireko, tikufuna maziko a khola."

Amayi okha ndi amene adaona chitini chija n'kudziwa kumene nkhani ikupita. Ine ndidalipo tsiku limenelo, nditabwera kudzawathandiza kulongedza katundu m'nyumba.

"Abambo," adatero amayi kwa amuna awo, "mkamwini amabzala chimanga, maungu, nyemba. Mtengo ayi."

"Walakwa chiyani mtengo?"

"Mukudziwa. Chimanga chimatha chaka chomwecho. Mtengo umakhala, ndiye anthu amayamba kufunsa kuti malowo ndi a yani."

"Amayi, ndabzala mitengo zaka 26 pamalo a khonsolo. Mwaona khonsolo itandipatsako ngakhale poika phazi? Ine ndimangobzala."

Amayi adapitiriza kupukuta mbale.

Bambo sadayambe ndi mitengo. Ankati paki imayamba ndi njira, mitengo imabwera kudzaima m'mbali. Adakhoma zikhomo, n'kumanga chingwe, n'kulambula kanjira kotakata moti anthu awiri n'kupatukirana osagundana mapewa. Miyala imene ankazula ankaindandalika m'mbali mwake n'kuipaka laimu. Kanjirako kankachoka pakhomo lakuseri, kutsetsereka mokhotakhota mpaka pamkuyu, kutsata khwawa, kenaka kukwera mbali inayo n'kudzatulukira pomwe kadayambira. Ndidakayeza ndekha: masitepe 640 a munthu woyenda mosafulumira.

Kumudzi njira imapita kuchitsime, kumunda, kutchalitchi kapena kuchigayo. Njira yobwerera pomwe yachoka anthu adali asanaionepo, ndipo idaseketsa mudzi mwezi wathunthu.

"Alamu," adafuula amalume tsiku lina ataima pamwamba, "njira yanuyi ndaitsata bwinobwino. Yandifikitsa pa ine ndemwe."

"Ndiye kuti simunasochere, alamu."

"Nanga ndapindulanji?"

"Mudzabwere mukakalamba, mudzandiuza."

"Ndakalamba kale ine!"

Nazale adaiika pafupi ndi khwawa. Machubu ogula adalibe. Ankatolera mapepala a shuga ndi a mchere m'magolosale a pa Kandeu, n'kuwaboola kunsi. Maenje ankakumba mu Seputembala, dothi lapamwamba mbali ina, lapansi mbali ina, n'kuwasiya osakwirira mpaka mvula itakhazikika. Pobzala ankayamba kubwezera dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa. Chiswe ankalimbana nacho ndi phulusa, mbuzi ndi minga, ndipo mu Julayi ankalambula m'malire monse kuti moto wa osaka mbewa usalowe. Chaka choyamba mbande zoposa theka zidafa. Adabzalanso.

Mitengo ya mbawa adaindandalika m'mbali mwa khwawa. Ya keshya adaiika m'malire kuti amayi asamavutike nkhuni. Polowera padali ya jakaranda iwiri, ndipo mkati mudali mthethe, mlombwa umene unkakula ngati sukufuna, mango, mapeyala ndi magwafa. Mabenchi adakhoma atatu, a matabwa otsala padenga la nyumba. Tsiku limene adamaliza benchi yoyamba adakhalapo masana onse, atavala ovololo yawo yakale.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri mthunzi udakumana pamwamba pa kanjira, ndipo oseka aja adasiya kuseka. Malowo adayamba kutchedwa "ku Paki". A kwaya ankaphunzirirako nyimbo Lachisanu. Akwati ankabwera kudzajambulitsa pansi pa jakaranda mu Okutobala, maluwa atayala pansi. Azimayi a m'mudzi ankatolako nkhuni, lamulo lili limodzi: zogwa zokha, osathyola. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene munda wawo udachita malire ndi Paki, ankadandaula kuti mthunzi wa keshya ukuwadyera mizere iwiri ya chimanga, koma nyengo ya magwafa ankachokako ndi lichero lodzaza. Amalume nawo adasankha benchi yawo, ya pamkuyu. Ankakhalapo ndi wailesi kumvera mpira, uku akunena kuti angobwera kudzaona ngati miyala yawo yakhwima.

Chaka chachisanu ndi chinayi amayi adagwa pakhomo la khitchini. Matenda a kuthamanga kwa magazi adawafoola mbali yakumanzere, mwendo ndi dzanja. A kuchipatala adati aziyenda tsiku lililonse, pamalo osaterera, ndi munthu pambali. Bambo adachotsa timiyala tonse m'kanjira kaja, ndipo potsetsereka adamangapo nsungwi zogwira. Sabata yoyamba amayi adafika pabenchi yoyamba, masitepe 70, n'kulira. Mwezi wachiwiri adafika pamkuyu. Bambo ankabwereka foni ya mphunzitsi woyandikana nawo kungondiuza nambala ya masitepe. "Lero 300." Tsiku lina: "Lero abwerera pa 200, kunali mphepo." Mwezi wachisanu amayi adazungulira njira yonse. Bambo adandiimbira. Adangoti, "Yonse," n'kudula.

Khirisimasi ya chaka chimenecho ndidayenda nawo amayi m'njiramo, iwo ndodo kumanja, ine kumanzere. Titakhala pabenchi adayang'ana bambo akudulira nthambi chapatali.

"Ndikadzatsogola ine, bambo akowa mitengoyi idzawavuta."

"Ndilipo ine, amayi."

"Iwe ndi cholembera chako cha ku nyuzipepalacho?" Adaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, monga ankasekera chidwalireni. "Tiye, dzuwa lapita."

Adayenda m'njiramo zaka zina ziwiri. Adamwalira mu Juni, m'mawa, atangomwa tiyi. Pamaliro pamafunika nkhuni zambiri, ndipo amuna a m'mudzi adaima ndi nkhwangwa polowera ku Paki, akuyang'anizana, palibe wofuna kuyamba. Bambo adatuluka m'nyumba ya siwa, adawalozera mitengo isanu ndi umodzi ya keshya, kenaka adadula okha nthambi zoika pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pamudzi pagwa zovuta.

Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa. Pakapita milungu ingapo abale a mbali zonse amakhala pansi, ndipo eni mudzi amamumasula mwamunayo kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo. Si onse amabwerera. Koma kutsala kuli ndi njira yake, ndipo kwathu imayenda motere. Mwamunayo amanena yekha kuti adabwera chimanjamanja, apita chimanjamanja, zonse zili pamalopo ndi za eni ake. Akatero, ngati eni mudzi akumufuna, mwini mbumba amamuletsa: mupita kuti, khalani. Munthu amatsala chifukwa wapemphedwa. Akangoonetsa kuti ali ndi chake pamalopo, kumusunga kumakhala ngati kuvomera kuti malowo wawatenga.

Zimenezi ndikuzifotokoza bwino lero. Nthawi imeneyo ndinkazidziwa mwapatalipatali, monga mwana wokulira m'tauni. Chimene ndinkachidziwa bwino chidali china. Ndinkagwira ntchito ku nyuzipepala, ndipo zaka zimenezo ndidalemba nkhani zambiri za amasiye olandidwa katundu: amayi otulutsidwa m'nyumba, malata osasulidwa padenga, ana otsala ndi mphasa yokha. Nditamva kuti tsiku losudzula lakonzedwa, m'mutu mwanga nkhani idali italembeka kale. Bambo adali ndi zaka 71. Ku Mlangeni adachokako ali mnyamata. Manda a mkazi wawo ndi a mwana wawo adali ku Champiti, mitengo yawo idali ku Champiti, ndipo ndinkadziwa kuti sakufuna kuchoka. Ndidaganiza zowateteza.

Ndidafika m'mawa wa tsikulo. M'malo mokalonjera amalume n'kumva mmene zinthu zilili, ndidalowa ku Paki ndi kabuku ndi cholembera, n'kuyamba kuwerenga mitengo mtundu ndi mtundu. Bambo adandipeza kukhwawa. Adali atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Ukulemba chiyani?"

"Ndikungowerenga mitengo, Ababa."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe."

Adayang'ana kabukuko, n'kuyang'ana ine. "Lero ntchito yako ndi kukhala pansi. Makutu okha. Wamva?"

Ndidaganiza kuti ndi mantha a munthu wokalamba amene adazolowera kugonja. Ndidavomera ndi mutu, ndipo atachoka ndidapitiriza kuwerenga.

Tidakhala pabwalo la nyumba cha m'ma 10 koloko. Mbali ya eni mudzi kudali amalume, amayi aang'ono ndi ana awo aakazi atatu, amene malowo adali kudzakhala awo. Mbali ya bambo kudali azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene adafika dzulo lake kuchokera ku Mlangeni pamodzi ndi nkhoswe. Anthu ena a m'mudzi adakhala chapatali, monga amachitira, kuti adzakhale mboni.

Amalume adayamba bwino. Adati alamu awo adawasungira mlongo wawo m'tauni ndi kumudzi, pamtendere ndi pamatenda, mpaka kumanda. Adati mudzi ulibe nawo chifukwa. Adaseketsako anthu ndi nkhani ya njira yosapita kulikonse, n'kuwonjeza kuti njira yomweyo ndi imene idayendetsanso mlongo wawo atafooka. Kenaka adati, "Tikumasulani, alamu. Ngati muli ndi mawu, bwalo ndi lanu."

Bambo adavula chipewa n'kuchiika pabondo. Asanatsegule pakamwa, ine ndidaimirira.

Ndikukumbukira kuti ndidayamba ndi mawu akuti "pofuna kuti zinthu zidziwike bwino". Ndidatsegula kabuku n'kuwerenga mokweza, ngati ndili pamsonkhano wa atolankhani. Mitengo yonse 187. Ya mbawa 31. Ya keshya 58. Mthethe, mlombwa, jakaranda, ya zipatso, mtundu uliwonse ndi nambala yake. Mkuyu umodzi. Ndidati zonsezi ndi thukuta la bambo anga la zaka khumi ndi chimodzi, ndipo masiku ano kuli malamulo, munthu sangangothamangitsidwa pa zinthu zake.

Woyamba kulankhula adali amayi aang'ono.

"Ndi mkuyu womwe? Mkuyu umene amayi athu ankatisambitsira pansi pake, lero walowa m'buku la a ku Blantyre?"

"Ndangowerenga zimene zilipo, amayi."

"Ndiye werenganso miyala. Utiwerengenso ifeyo, tilipo anayi pano."

"Khala pansi," adatero bambo, osandiyang'ana. Ndidakhala.

Amalume sadakalipe. Bola akadakalipa. Adakhala kanthawi akupukuta magalasi awo ndi nsonga ya shati, kenaka adati, "Wathamangitsa munthu ndani pano? Alipo wamva ine ndikuthamangitsa munthu?" Adatembenukira kwa bambo. "Alamu, ndifunse pamaso pa anthuwa. Mawu awerengedwawa ndi anu?"

Ndidaona bambo akupinda m'mphepete mwa chipewa chija. Akadati ayi, mwanayu sadziwa kanthu, n'kundidzudzula pomwepo, mwina zikadakonzeka. Koma kukadakhala kundivula pagulu, munthu wamkulu wokhala ndi ana anga, pamudzi pa amayi anga.

"Sindidamutume," adatero. "Koma ndi mwana wanga, sindingamukane."

Kenaka adanena mawu aja, onse, mwadongosolo, monga adawakonzera. Adabwera chimanjamanja. Apita chimanjamanja. Nyumba, munda ndi mitengo ndi za eni ake. Atamaliza adadikira. Aliyense pabwalopo ankadziwa chimene akudikira, ndipo pamenepo ndi pamene nanenso ndidazindikira. Amalume adayang'ana amayi aang'ono ndi ana awo. Iwo adayang'ana pansi.

"Tamva, alamu," adatero amalume. "Musafulumire. Mwezi uno ukatha, muyende bwino."

Anthu atabalalika, amayi aang'ono adandiitanira kukhitchini. Mkwiyo udali utatha, tsopano ankalira. Adandionetsa ndowa ziwiri za thobwa ndi tambala womangidwa miyendo pakona.

"Ukuziona izi? Zinali za bambo akowo. Tinagwirizana Lachitatu, tonse, kuti akhale mpaka Mulungu adzawatenge. Amalume ako anachita kuyeserera mawu owaletsera. Iwe ukanangofika n'kufunsa."

Ndidati nanga bwanji sadangonena, poti adagwirizana kale.

"Pambuyo pa buku lako lija? Anthu onse aja akanapita akunena kuti mkamwini wawina malo ndi mitengo, a mbumba aopa nyuzipepala. Mawa bambo ako akwatira, mkaziyo abwera ndi ana ake, atulutsa buku lomwelo. Ana angawa akalima kuti?"

Azakhali, amene adamva zonse ali pakhomo, adangoti, "Sukulu ndi yabwino, mwana wa achimwene, koma imafuna mchere," n'kupita kukapinda zofunda zawo.

M'mawa mwake ndidapita kwa amalume ndi nkhuku, ndidakhala padothi, n'kupepesa. Nkhuku adalandira.

"Iwe ndakukhululukira, ndiwe magazi anga. Koma unalankhula pabwalo, ife tinayankha pabwalo. Za pabwalo sitikonzera kuseri kwa nkhokwe."

Ndidapempha kuti aitanitsenso anthu, ndikabweze mawu anga pamaso pa onse. Adaganiza nthawi yaitali, kenaka adati zikhoza kutheka ngati alamu awo atabwera kudzapempha okha. Ndidathamangira kwa bambo ndi uthengawo ngati ndanyamula mankhwala. Ndidawapeza akuthirira nazale.

"Ndikapempha ine, ndiye kuti sindinapemphedwe," adatero. "Ndizikhala pano ngati munthu wolirira malo. Aliyense wobwera kudzatola nkhuni azidzati tikutola kwa mkamwini wokakamira uja. Ayi. Tenga kheni iyo, mzere uwo sunamwe."

Ndidayamba kupepesa. Adandidula.

"Mbawa unawerenga bwino, ilipodi 31. Thirira."

Milungu itatu yotsalayo adaithera ku Paki. Ndidatenga tchuthi kuntchito, choncho ndidaona ndi maso anga. Adalambula m'malire monga ankachitira chaka chilichonse. Adapakanso miyala laimu. Adayenda ndi mwana wamkulu wa amayi aang'ono mtengo ndi mtengo, kumuonetsa yofunika kudulira, yodula ikakula, ndi yosayenera kukhudza. Iye ankamvetsera atabereka mwana kumsana, ndipo ndikhulupirira kuti ankafunadi kusunga. Mbande za mu nazale adazigawa kwa aliyense wofuna. Amalume sadabwere pabenchi yawo masiku onsewo. Adabwera tsiku lonyamuka, adanyamula okha mpando umodzi kukakweza pa matola, kenaka awiriwo adagwirana chanza nthawi yaitali.

"Alamu."

"Alamu."

Wilibala, makheni ndi chikwakwa bambo adazisiya. Adati ndi za pamalopo.

Za Paki ndinena mwachidule. Kanjira kadayamba kutsekeka ndi udzu dzinja lomwelo, poti kulambula masitepe 640 ndi ntchito ya munthu amene alibe ntchito ina. Mabenchi adasanduka zitseko za makola. Keshya adatha ndi nkhuni ndi kuotcha njerwa. Chaka china mvula itavuta, ocheka matabwa adabwera kudzagwetsa mbawa. Sindiimba munthu mlandu. Ana ankafunika kudya. Lero pamalopo pali chimanga chofooka, mitengo inayi ya mango ndi mkuyu.

Ku Mlangeni azakhali adawapatsa bambo kanyumba ka mwana wawo wamwamuna amene adapita kukakwatira kwina, ndi kamunda ka mizere makumi awiri. Ku Mlangeni ndi kozizira, kwamphepo. Bambo adalima mbatata ya kachewere ndi kabichi monga aliyense, kungoti mizere yawo idali yowongoka kuposa ya onse. Ku Champiti adapitako kamodzi kokha, tsiku loika chiliza pamanda a amayi. Adachoka kumanda n'kulunjika kumsewu, osadutsa kunyumba. Za Paki sadandifunsepo, inenso sindidawauze.

Dzinja lachiwiri ndidagula mbande khumi ndi ziwiri m'tauni, n'kuziika m'katoni, n'kukwera nazo basi mpaka ku Mlangeni. Ndidawapeza pakhonde akusankha mbewu ya kachewere.

"Ababa, ndakubweretserani izi. Kuseri kwa nyumbayi kuli malo."

Adatola chubu chimodzi, adachitembenuza, n'kukanikiza dothi ndi chala. "Amathirira kwambiri anthu awa. Ndipo zachedwa m'chubu, taona mizu yapindika. Pobzala uzidula kunsi kuno ndi mpeni." Adaziyang'ana zonse, imodziimodzi, nthawi yaitali kuposa imene inkafunika. Imodzi adaichotsa tsamba louma. Ndidaganiza kuti zatheka.

"Upite nazo kusukulu uko," adatero. "Uwauze akumbe maenje olekeza m'bondo."

"Bwanji osabzala pano, Ababa? Kuno ndi kwanu."

"Kuno ndi kwa azakhali ako. Ali ndi ana aakazi anayi." Adapukuta manja pa buluku, n'kukokera dengu la kachewere pafupi. "Andisunga bwino anthuwa. Usandiyambitsirenso."

Amenewo ndiwo mawu okhawo ondidzudzula amene ndidamva pakamwa pawo pa nkhani yonseyi. Mbandezo ndidakazisiya kusukulu. Bambo adakhala ku Mlangeni zaka zinayi, ndipo adamwalirira komweko osabzalanso mtengo.